Wotchi ikayamba kunama, funsani kaye kumene imadya

Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka tambala asanalire, ngati munthu wangongole. Miyezi imeneyo m'nyumba mwathu ku Kapata munali nthawi zinayi. Wailesi ya alamu ya kuchipinda inkangophethira 12:00. Wotchi yapakhoma, ija tinalandira paukwati, inaima, muvi wa masekondi ukunjenjemera pafupi ndi 9 ngati nkhalamba yolephera chitunda. Ya pamkono panga inkatsalira, ndipo foni ya amake ana inkatsogola ndi ola lathunthu popanda wodziwa chifukwa. Mapeto ake ndinadzuka tsiku lina kunja kutayera kale, ndipo pamene wa njinga ankanditsitsa pasiteshoni, basi ya ku Lusaka inali itapitirira pa Mtenguleni, tikiti ili m'thumba mwanga.

Ndinalongedza zonse m'chikwama n'kupita nazo kwa amalume, amene anakalambira pa katebulo kokonzera mawotchi pakhonde la sitolo ina ku Down Shops. Ine ndinali nditagamula kale kuti zonsezo n'zakudzala. Iwo sanatsegule ngakhale imodzi. Anangoziyala patebulo n'kumaloza imodziimodzi.

"Mphwanga, iyi imadya kuti? Nanga iyi?"

"Amalume, wotchi imadyanso?"

"Imadya. Ina imadya kukhoma, ina batire, ina mkono wako, ina imachita kupempha nthawi kwa eni netiweki. Matenda ake ndi osiyana. Iwe wazibweretsa ngati zadwala limodzi."

Zimene ndalemba apazi ndinazitola pa katebulo kameneko, zina n'kuziyesa ndekha kunyumba.

Zodya kukhoma: kuphethira 12:00 ndi kuthamanga pa jenereta

Apa m'pamene ambiri timasokonekera. Magetsi a m'nyumba muno mu Zambia ndi a mavolti 230, ndipo sayenda mbali imodzi ngati madzi a mumpopi. Amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Ndiye tanthauzo la 50Hz yolembedwa kumbuyo kwa ketulo kapena ayironi. Mawotchi ambiri olumikiza pasoketi, monga wailesi ya alamu ndi kawotchi ka pa stovu kapena pa microwave, sadziwerengera okha nthawi. Amangowerenga maulendo amenewa, akakwana 50 n'kuti sekondi yatha. Magetsi akazima, chowerenga chatha, ndipo yambiri imaiwala zonse, alamu yomwe.

Tembenuzani wailesiyo muone pansi pake. Zambiri zili ndi kachitseko ka batire la mavolti 9, lija la makona anayi lokhala ndi timitu tiwiri pamwamba. Yathu tinakhala nayo zaka zisanu kachipindako kali pululu. Batire limeneli siliyatsa manambala malaiti akapita, choncho musaganize kuti ndi lakufa. Ntchito yake n'kusunga nthawi ndi alamu mkati mpaka magetsi abwere. Koma linapangidwira kuzima kwa apo ndi apo. Malaiti akamasowa maola ambiri tsiku ndi tsiku limatha msanga, ndipo nthawi imene wailesiyo ikudalira batire imatha kusokera ndi mphindi zingapo. Ngati ilibe kachitsekoko, palibe chokonza. Imverani nyimbo basi, koma musaipatse udindo wokudzutsani.

Kuphethira kuja kulinso ndi phindu lake. Zambiri zimayambira pa 12:00 magetsi akangobwera n'kumawerenga kuchokera pamenepo. Mukaweruka n'kupeza ikuphethira 2:40, dziwani kuti malaiti abwera maola awiri ndi mphindi 40 zapitazo. Siikuuzani kuti anapita nthawi yanji, komabe za nyama ya mufiliji mwapeza poyambira.

Tsono pali vuto lina lobisika. Mwagula kajenereta, kapena a landilodi akukokerani waya kuchokera pa yawo, ndipo wotchi siikuzimanso koma sabata ikamatha yatsogola ndi ola. Wotchiyo ilibe mlandu. Jenereta yaing'ono imapereka maulendo molingana ndi liwiro la injini yake, ndipo zambiri zimathamanga pang'ono katundu akachepa, n'kumalemedwa akachuluka. Ikamapereka 52 m'malo mwa 50, wotchi imatsogola ndi mphindi ziwiri ndi masekondi 24 pa ola. Maola asanu a madzulo, ndiye mphindi 12 zimenezo. Ikamapereka 48 imatsalira chimodzimodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani wotchiyo mofanana ndi foni pamene jenereta ikulira, muonenso pakatha ola. Kusiyana kukaposa mphindi imodzi, itanani wokonza majenereta wokhala ndi mita yoonetsa Hz achepetse kapena awonjezere liwiro la injini, filiji ndi zina zonse zili zoyatsa. Musapotokole nokha kasikuluwu kake mongomvera kulira, chifukwa pa majenereta ang'onoang'ono ambiri liwiro likasintha mavolti nawo amasintha, ndipo chimene chingapse ndi filiji, chinthu chodula kuposa wotchi maulendo ambirimbiri.

Mainveta otchipa nawo amasokoneza mawotchi ena. Magetsi ake sakwera ndi kutsika mosalala, amachita kudumpha ngati masitepe, ndipo wotchi ina imawerenga kudumphako molakwika n'kumathamanga ngati yapenga. Pamenepo palibe chopotokola. Ichotseni pa inveta.

Musadabwe nazo kuti n'zakuno kokha. Kumayambiriro kwa 2018 mawotchi otere m'maiko ambiri a ku Ulaya anatsalira ndi mphindi pafupifupi 6, chifukwa mkangano wa magetsi pakati pa Serbia ndi Kosovo unatsitsa maulendo aja pang'ono chabe kwa milungu ingapo. Ndipo wachibale akakutumizirani wailesi ya alamu ya ku America, werengani kumbuyo musanalumikize. Kumeneko magetsi ndi a mavolti 120 ndi 60Hz. Pa soketi yathu ipsa, ndipo ngakhale mutaipezera chotsitsira mavolti, yoyembekeza maulendo 60 izitaya mphindi 10 pa ola lililonse.

Yapakhoma

Iyi ilibe nazo ntchito za malaiti, imadya batire limodzi la AA. Muvi wa masekondi ukamanjenjemera pamalo amodzi, makamaka pokwera kuchoka pa 6 kupita pa 9, batire lafooka. Latsala ndi mphamvu yotsetsereka koma yokwera yatha. Ikani latsopano la alkaline. Aja otchajanso ndi a mavolti 1.2 m'malo mwa 1.5, ndipo mawotchi ena sayenda nawo nthawi yaitali.

Mwaika latsopano koma ili zii? Yang'anani tizitsulo togwira batire. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira, batire lakale linachucha. Pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi viniga kapena madzi a ndimu, palani pang'ono mpaka chitsulo chiwale, muumitse. Ikamaima pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndiye kuti mivi ikukolana kapena wina ukukhula galasi. Uwongoleni ndi chala mofatsa. Yathu amalume atatsegula anapezamo mazira a mphemvu. Chimodzi chokha: musathiremo saladi. Mafuta ophikira amaundana ndi fumbi n'kusanduka phala, ndipo timagiya ta pulasitiki timeneti sitifuna mafuta n'komwe. Kainjini kakafa, kamagulidwa pakokha n'kumangirira pa nkhope yomweyo.

Ya pamkono ya batire

Mkati mwa wotchi imeneyi muli kamwala ka quartz kamene batire likakapatsa mphamvu kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi. Yoyamba ya pamkono yotere inatulutsidwa ndi Seiko mu 1969, yodula ngati galimoto, koma lero ngakhale ya pamsika wa Kapata ili ndi kamwala komweko. Yabwinobwino imasokera ndi masekondi 15 mpaka 30 pa mwezi. Choncho wotchi ya batire yotaya mphindi zisanu pa tsiku si yokalamba ayi, ili ndi vuto lopezeka.

Yambani ndi muvi wa masekondi. Ukamadikira kenako n'kudumpha masekondi awiri kapena anayi nthawi imodzi, wotchi sinawonongeke. Mawotchi ena anapangidwa kuti azichenjeza choncho batire likatsala pang'ono. Ya manambala imachenjeza ndi kuzilala, makamaka mukadina kagetsi kake manambala n'kuzimiririka.

Nkhani yaikulu ili pa batire limene mukugula. Awiri akhoza kufanana kukula, n'kulowa bwinobwino pamalo amodzi, koma osakhala amodzi. Lolembedwa SR626SW kapena 377 ndi la silver oxide, limagwira mavolti 1.55 mosasintha mpaka kumapeto, ndipo m'mawotchi ambiri a mivi limatha zaka ziwiri kapena zitatu. Lolembedwa LR626 kapena AG4, aja amagulitsidwa khumi pakhadi limodzi, ndi la alkaline. Mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, silikhalitsa, ndipo limachucha msanga. Ya ine inkatsalira chifukwa cha limeneli. Mnyamata wina pamsika anandiikira, ine n'kusangalala kuti ndatchipitsa, miyezi isanu isanathe wotchi n'kuyamba kugona usiku kukazizira. Pokasinthitsa, pemphani kuona zolembedwa pa batire lisanalowe, ndipo lakale mulitenge m'manja mwanu. Akuluakulu opyapyala a mavolti 3, monga CR2016 ndi CR2025, nawonso manambala ake amanena kukula: 20 ndi mamilimita a m'mimba mwake, manambala otsatirawo ndi kuchindikala. Osapanikiza lochindikala pamalo a lopyapyala.

Batire latsopano lalowa koma wotchi siikuyenda. Musathamangire kunena kuti yafa. Onani ngati kachitsulo kosinthira nthawi ka m'mbali kabwezedwa mkati, chifukwa kakakhala kokoka wotchi imaima dala. Onani ngati batire silinalowe chadodolido, mbali ya + nthawi zambiri imayang'ana kuchivundikiro. Ikani wotchi pakhutu: ikamagunda koma mivi osasuntha, magetsi ali bwino, chagwira ndi fumbi kapena mivi yokolana. Pa Casio ya manambala ndi zina zofanana nayo, mkati muli kadontho kolembedwa AC. Mukasintha batire mumakhudzitsa kadonthoko ndi mbali ya + ya batire pogwiritsa ntchito kachitsulo kwa masekondi awiri, manambala n'kudzuka. Anthu ataya mawotchi amoyo chifukwa chosadziwa kadontho kameneka.

Ndikanena za kutsegula nokha, ndinene zoona: mpeni wa kukhitchini waphetsa mawotchi ambiri kuposa mvula. M'kati mwa ya mivi muli kawaya kofiirira kokulungidwa, kopyapyala kuposa tsitsi. Nsonga ikangokakhudza, kwatha. Ndipo batire lakale musalisiye pawindo kapena m'mbale ya makiyi. Mwana akameza, makamaka aja a CR, limatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Zikachitika thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti atuluka nalo kuchimbudzi, osamusanzitsa.

Tsiku la mwezi likamasintha masana m'malo mwa pakati pa usiku, wotchi yatsogola kapena kutsalira ndi maola 12. Yendetsani mivi kuzungulira kamodzi. Ya mivi siidziwa kuti April, June, September ndi November amathera pa 30, muyenera kuidumphitsa nokha, koma osati pakati pa 21 koloko usiku ndi 4 koloko m'mawa, pamene timano tosintha tsiku tagwirana kale. Casio F-91W, ija yakuda yapulasitiki imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1989, imadziwa miyezi yonse koma February imamuwerengera masiku 28 chaka chilichonse. Mu 2028 mudzaikonze pamanja.

Nthunzi pansi pa galasi

Izi zimachuluka kuyambira October, thukuta likamayenderera, mpaka mvula itatha. Mawu akuti 30M pa wotchi amanamiza anthu. Satanthauza kuti mungalowe nayo pansi pa madzi mamita 30. Ndi yongopirira kudontheredwa posamba m'manja kapena kamvula kowaza. Kuchapa nayo, kusamba nayo madzi otentha ndi sopo, kudina mabatani ili yonyowa, zonsezi zimalowetsa madzi. Yosambira nayo imayambira pa 100M. Komanso chimene chimatchinga madzi ndi kamphira kozungulira pansi pa chivundikiro, ndipo nthawi iliyonse imene wotchi yatsegulidwa kamphirako kamatha kupindika, kuduka kapena kugwera pansi wokonza osaona. Mukaona nthunzi patangopita masiku ochepa chisinthireni batire, bwererani komweko mukafunse za kamphira.

Nthunzi ikaoneka musadikire Loweruka. Ikatsegulidwe tsiku lomwelo, batire lichotsedwe, iume chivundikiro chili chotsegula pamalo ofunda a mthunzi. Kuikwirira mu mpunga ili yotseka n'kudzinamiza, chinyezi chili mkati ndipo dzimbiri silidikira. Pafupi ndi mbaula kapena padenga la malata ayi. Kutentha kumapinda pulasitiki, kumadetsa manambala, kumaphanso batire.

Ya sola, monga Eco-Drive ya Citizen kapena Tough Solar ya Casio, imafa ndi mdima wa mudirowa ndi malaya a manja aatali. Ikaima, ikhazikeni pawindo lowala masiku angapo musanaitengere kwa wokonza. Babu la m'nyumba ndi lofooka kwambiri poyerekeza ndi dzuwa. Ndipo asakuikireni batire wamba m'menemo, muli lake lotchajika.

Zodya mkono

Za otomatiki, ngati Seiko 5 zija madala ambiri anagula ndi ndalama ya thonje kapena ya kumigodi, zilibe batire. Mkono ukamayenda, kachitsulo kolemera kamazungulira mkati n'kumakunga sipuling'i, ndipo ikakungika mokwana imayenda maola pafupifupi 40. Mukaivula Lachisanu madzulo, Lolemba muipeza itaima, si matenda. Agogo amene masiku ano amangokhala pakhonde amadandaula kuti wotchi yawo yayamba ulesi, chonsecho ndi mkono umene wapuma pantchito. Seiko 5 zambiri zakale sizikungika ndi kachitsulo ka m'mbali, muyenera kuigwedeza uku ndi uku kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanavale.

Ikayamba mwadzidzidzi kuthamanga ndi mphindi zingapo pa tsiku, ganizirani maginito. Mkati muli kasipuling'i kopyapyala kamene kamapuma ngati mtima, ndipo kakagwidwa ndi maginito timizere take timamatirana, kugunda n'kufulumira. Kuzimazima kwa magetsi kwachulukitsa vutoli mosadziwika, chifukwa pamutu pa bedi padzaza zinthu za maginito: kawailesi ka sola, sipika ya Bluetooth, chikwama cha foni chotseka ndi maginito. Usiku munthu amavula wotchi mumdima n'kuisanjika pamwamba pa sipika. Wokonza wokhala ndi kachipangizo kochotsera maginito amathetsa zimenezi m'masekondi ochepa, osatsegula n'komwe, choncho wina akakuuzani kuti pafunika kusintha injini yonse, kafunseninso kwina. Ya batire ya mivi ikayandikira maginito imatha kuima kapena kusokera, koma mukaichotsapo imayambanso, mungokonza nthawi.

Zopempha nthawi: foni, dikoda, kompyuta

Foni ya amake ana inali yogula kwa munthu. Amalume sanaigwire n'komwe, anaitana mdzukulu wawo wa Grade 9, ndipo iye anapeza kuti dera la nthawi linali pa Nairobi. Zambia yonse ili pa GMT+2 chaka chonse, chimodzimodzi Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Choncho mukafika pa Mwami foni n'kugwira netiweki ya ku Mchinji, nthawi siyenera kusintha. Ya ku Tanzania ndi Kenya ndiyo ili patsogolo ndi ola limodzi. Lowani m'masetingi, yatsani kuti tsiku, nthawi ndi dera zizibwera zokha kuchokera pa netiweki. Mukafuna kusankha pamanja, sankhani Lusaka, Harare, Maputo kapena Johannesburg. Cairo musasankhe ngakhale ataoneka kuti ali pa +2, chifukwa kuyambira 2023 dziko la Egypt limasuntha nthawi ndi ola kumapeto kwa April, ndipo foni yanu idzasuntha nawo muli mtulo.

Anthu ena akaona foni yalakwitsa amangokonza maola pamanja dera n'kulisiya lolakwika. Pankhope imaoneka bwino, koma mauthenga amafika ndi nthawi zachilendo, WhatsApp n'kuyamba kukana kuti tsiku la foni silili bwino, masamba ena a intaneti osatseguka. Timafoni ta mabatani tambiri timaiwala tsiku mukachotsa batire kukatchajitsa kumsika; ikani tsiku musanaike alamu. Pa alamu pomwepo, ife tinazolowera kunena kuti 16 hours, ndiye foni ikhale pa maola 24. Ambiri agonereza chifukwa choika 4 ya madzulo m'malo mwa 04.

Dikoda imatenga nthawi kumlengalenga, ipatseni mphindi zochepa magetsi akabwera. Kompyuta ya patebulo imene nthawi iliyonse malaiti akazima imadzuka ili chaka chakalekale, yafa kabatire ka CR2032 ka pa bolodi. N'kosintha ndi chala. Ngakhale mita ya mayunitsi ili ndi nkhani ya nthawi. Tokeni iliyonse imanyamula chizindikiro cha mphindi imene inagulidwa. Poyamba ankawerengera kuchokera mu 1993, ndipo malo owerengerawo anadzaza pa 24 November 2024. N'chifukwa chake tinapatsidwa matokeni awiri apadera a manambala 20 oti tilowetse tisanaike mayunitsi. Ngati mita yanu ndi ija ili pa polo, m'nyumba muli kodinira kokha, sungani mabatire a AA amoyo m'kodiniramo. Mayunitsi akathera usiku, popanda mabatirewo tokeni mulibe poilowetsera.

Mawotchi amakono otchaja tsiku ndi tsiku ndilibe nawo mawu ambiri. Tchajani pa power bank, ndipo musasiye chaja pasoketi malaiti atapita, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Pokonza nthawi m'nyumba monse, tengani kwa mmodzi. Foni yokhala pa netiweki ndiyo yosavuta, kapena nthawi ya nkhani pa wailesi yeniyeni ya FM. Wailesi yomvera pa intaneti imafika mochedwa ndi masekondi angapo, nthawi zina kuposa pamenepo. Ine ndinagula F-91W ina n'kuikoleka pamsomali kumutu kwa bedi, ntchito yake kudzutsa basi. Batire lake limodzi la CR2016 limatha zaka pafupifupi 7. Zabodza zake zadzaza, ndiye pogula dinani batani la kumanja osalisiya kwa masekondi atatu, yeniyeni imalemba dzina lake pagalasi, ngakhale akuba ena anaphunzira kale kutengera zimenezo.

Ya pamkono ija amalume anaiika SR626SW, kamphira n'kukapaka mafuta ake. Asanatseke anatenga pensulo n'kulemba mkati mwa chivundikiro, monga amachitira ndi wotchi iliyonse yodutsa m'manja mwawo: 10/24.

"Ikadzaima 2026 isanathe," anatero akundipatsira, "ubwere nayo kuno usanapite kwa anyamata ako a makhadi aja."